Njira ya Pluto imadula njira ya Neptune, nanga bwanji sawombana?

Nsangwe

Moni kwa nonse pa gulu lino. Ndili ndi funso limene lakhala likundizunguza mutu kuyambira pamene ndinayamba kuthandiza mwana wanga pa phunziro la zakuthambo. M'buku lake muli chithunzi cha njira zimene mapulaneti amadutsa pozungulira dzuwa, ndipo pa chithunzipo njira ya Pluto ikudula njira ya Neptune pa malo awiri ngati misewu yopingasana. Pansi pake analembapo kuti kuyambira mu 1979 mpaka mu 1999 Pluto anali pafupi ndi dzuwa kuposa Neptune. Mwanayo anandifunsa kuti ngati njirazo zimakumana, n'chiyani chimaletsa awiriwa kuwombana? Ndinamuyankha kuti safika pamphambanopo nthawi imodzi, koma mumtima ndinadziwa kuti ndangomugoneka khosi, chifukwa zinthu zoyenda pa njira zopingasana kwa zaka mamiliyoni ziyenera kukumana tsiku lina. Nditafufuza ndinapeza kuti njira ya pulaneti lililonse amaifotokoza ndi manambala 6. Ndikupempha amene akuwadziwa bwino manambalawa andifotokozere tanthauzo lake, komanso ngati yankho la mwana wanga lili m'menemo.

Mphunzitsi Wopuma

Mayi Nsangwe, yankho lilimo ndithu, koma mundilole ndiyambire pa manambala awiri oyambirira, chifukwa amene sanawamvetse awiriwa amavutika ndi enawo. Tengani thabwa, mukhomepo misomali iwiri, mumangirire ulusi wolendewera ku misomaliyo, nsonga imodzi uku ina uko. Kokani ulusiwo ndi nsonga ya pensulo mpaka ukungike, ndipo muyendetse pensuloyo mozungulira osalola ulusi kukhwefuka. Chimene chijambulike ndi mkombero wotalika mbali imodzi, umene m'masamu amautcha ellipse. Dzuwa limakhala pa umodzi wa misomali ija, osati pakati pa mkomberowo.

Nambala yoyamba ndi ya kukula kwa njira. Amayeza kuchokera kumapeto kufika kumapeto kumbali yotalikayo, n'kutenga theka lake, ndipo thekalo amalilemba ndi chilembo a. Utali wa ulusi wanu uja ndi wofanana ndendende ndi mbali yotalikayo yonse. Theka la njira ya dziko lapansi ndi makilomita pafupifupi 149.6 miliyoni, ndipo mtunda umenewu ndiwo unakhala muyezo wotchedwa AU. Pa muyezo umenewu Mars ali pa 1.52, Jupiter pa 5.2, Neptune pa 30.1 ndipo Pluto pa 39.5.

Nambala yachiwiri, yotchedwa eccentricity ndipo imalembedwa e, imanena mmene misomali yatalikirana. Mukagawa mtunda wa pakati pa misomali ndi utali wa ulusi, mwaipeza. Misomali ikakhala pamodzi, e ndi 0 ndipo mkombero ndi wobulungira bwinobwino. Ikamatalikirana, e amayandikira 1. Ya dziko lapansi ndi 0.0167, ya Mars 0.093, ya Mercury 0.206, ya Pluto pafupifupi 0.25, ndipo ya nyenyezi ya mchira ya Halley ndi 0.967.

Apa ndipamene ndimadandaula ndi zithunzi za m'mabuku, pakuti zimajambula njira ya dziko ngati dzira. Mutajambula njirayi motalika mita imodzi, m'mimba mwake mungachepe ndi mamilimita 0.14 okha, ndipo mzere wa pensulo yanu ungakhale wonenepa kuposa kusiyanako. Chimene diso lingaone ndi chakuti dzuwa lasuntha mamilimita 8 kuchoka pakati. Mamilimita 8 amenewo ndiwo amachititsa kuti kumayambiriro kwa January tikhale makilomita 147.1 miliyoni kuchokera ku dzuwa, pamene kumayambiriro kwa July timakhala pa 152.1 miliyoni. Malo oyandikira kwambiriwo amatchedwa perihelion, otalikira kwambiriwo aphelion. Njira ya Halley itajambulidwa motalika mita imodzi ingakhale ya masentimita 25 okha m'mimba mwake, ndipo dzuwa lingakhale masentimita osakwana awiri kuchokera kunsonga.

Mlalang'amba

Aphunzitsi, zikomo, koma mwandipatsa mafunso awiri atsopano. Ngati njira za mapulaneti zili pafupi chonchi ndi mkombero wobulungira, Kepler, katswiri wa zakuthambo wakale amene anatulukira zimenezi, anazindikira bwanji kuti si zobulungira, iye wopanda ngakhale makina oonera kutali? Ndipo pa msomali wachiwiri pamakhala chiyani?

Mphunzitsi Wopuma

Pa msomali wachiwiri palibe kanthu, achimwene. Ndi malo ongopezeka m'masamu, opanda chinthu chilichonse chokoka pulaneti.

Za Kepler, mwayi wake unali pawiri. Choyamba anali ndi miyezo ya Tycho Brahe, amene anayeza malo a mapulaneti ndi maso ndi zipangizo zikuluzikulu kwa zaka zambiri mosamala kuposa aliyense wa m'mbuyo mwake, ndipo atamwalira ku Prague mu 1601 miyezoyo inatsala m'manja mwa Kepler. Chachiwiri, pulaneti limene ankalimbana nalo linali Mars, limene njira yake ndi yotalika mbali imodzi kuposa ya Venus kapena ya Jupiter. Akanayamba ndi Venus, amene e wake ndi 0.007, mwina sakanaona cholakwika chilichonse. Atayesa kuika Mars pa mkombero wobulungira, masamu ake anasiyana ndi miyezo ya Tycho ndi mphindi 8 za ngodya. Digiri imodzi ili ndi mphindi 60, choncho tikunena za kadanga kokwana ngati gawo limodzi mwa magawo anayi a kukula kwa mwezi wathunthu mmene umaonekera kumwamba. Munthu wina akanati ndi kulakwitsa kwa woyeza n'kupitirira. Kepler ankadziwa kuti Tycho sankaphonya kwambiri choncho, ndiye anataya mkombero wobulungira m'malo motaya miyezo. Zimene anapeza anazisindikiza mu 1609. Kwa ine, kukana kunyalanyaza mphindi 8 zimenezi n'kofunika kuphunzitsa ana kuposa kuwaloweza malamulo ake atatu a kayendedwe ka mapulaneti.

Kadamsana

Ndilowepo pa manambala otsatira, chifukwa ndi amene ndinawaphunzira pofuna kumvetsa chifukwa chake kadamsana sachitika mwezi uliwonse. Mayi Nsangwe, vuto la chithunzi cha m'buku ndi lakuti pepala ndi lathyathyathya, pamene njira ziwirizo sizili pa tebulo limodzi.

Tungani madzi m'beseni. Pamwamba pa madziwo tipayese pabwalo pamene dziko lapansi limazungulirapo dzuwa, bwalo limene amalitcha ecliptic. Pindani waya kukhala mkombero, muuviike mopendeka kuti gawo lina likhale pansi pa madzi, lina pamwamba. Kupendeka kwa wayayo poyerekeza ndi madzi ndiyo nambala yachitatu, inclination. Tsono yang'anitsitsani: waya akuboola madzi pa malo awiri okha. Pamene pulaneti limavuuka kuchoka kummwera kwa bwalo kupita kumpoto amapatcha ascending node, ndipo pamene limamiranso amapatcha descending node. Mukhoza kusunga kupendeka komweko koma n'kumatembenuza dzanja, ndipo muona malo awiriwo akuyenda mozungulira beseni. Choncho pafunika nambala yachinayi yonena kumene malo ovuukira aja aloza. Imeneyi ndi ngodya yoyezedwa pamwamba pa madzi, kuyambira kumene dzuwa limaonekera pakati pa nyenyezi pa tsiku la mu March limene usana ndi usiku zimalingana.

Mwezi njira yake ndi yopendeka ndi madigiri pafupifupi 5.1. Kukula kwa mwezi ndi dzuwa kumwamba ndi theka la digiri basi, ndiye miyezi yambiri mwezi umadutsa pamwamba kapena pansi pa dzuwa osaliphimba. Kadamsana amatheka pokhapokha mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu uli pafupi ndi amodzi mwa malo awiri oboolera madzi aja, ndipo nyengo zotere zimabwera pakapita masiku pafupifupi 173. Sizikwana theka la chaka chifukwa malo awiriwo amayenda chobwerera m'mbuyo, ndipo amamaliza kuzungulira kamodzi pa zaka 18.6.

Nsangwe

Bambo Kadamsana, ndayesa ndi waya ndi beseni, ndipo ndaona ndi maso anga kuti mawaya awiri angaoneke opingasana munthu ukayang'ana kuchokera pamwamba, chikhalirecho wina ali pamwamba pa mnzake. Komabe chinthu china chandisokoneza. Pa manambala amene ndinapeza, kupendeka kwa dziko lapansi analemba 0, pamene tonse tinaphunzira kuti dziko ndi lopendeka madigiri 23.4. Kodi alakwitsa?

Nthanda

Sanalakwitse, mayi. Pali kupendeka kuwiri kosiyana. Madigiri 23.4 ndi kupendeka kwa dziko lenilenilo, ndiko kuti mzere umene limapotera pa tsiku limodzi, ndipo kumeneku n'kumene kumabweretsa nyengo za pachaka. Kupendeka kwa njira n'kwina, ndipo kwa dziko lapansi ndi 0 chifukwa njira yathuyi ndiyo tinaisankha kukhala madzi a m'beseni aja. Mercury ali pa madigiri 7, Venus pa 3.4, Neptune pa 1.8, ndipo Pluto pa 17. Nambalayi ikapitirira 90 ndiye kuti chinthucho chikuyenda mosemphana ndi mapulaneti, monga Halley amene ali pa madigiri 162. Pa masetilaiti ozungulira dziko, bwalo loyezerapo limakhala la equator, ndipo malo ofufuzira a m'mlengalenga a ISS ali pa madigiri 51.6.

Tsopano nambala yachisanu, imene ili ndi yankho la mwana wanu. Gwirani waya wotalika mbali imodzi uja mopendeka, malo oboolera madzi akhale omwewo, koma muupotoze mwa iwo wokha ngati mmene mungapotozere mbale ili m'manja. Nsonga yoyandikira dzuwa ikhoza kugwera pamadzi penipeni, kapena kukwera pamwamba kwambiri, kapena kumira pansi. Ngodya yochokera pamalo ovuukira kufika pansonga yoyandikira dzuwa ndiyo argument of perihelion. Ya Pluto ili pafupifupi madigiri 114, kutanthauza kuti akamayandikira dzuwa amakhala ali pafupi ndi pamwamba penipeni pa kupendeka kwake. Mu 1989, pamene anafika pa AU 29.7 kuchokera ku dzuwa, anali pamwamba pa bwalo la mapulaneti ndi ma AU pafupifupi 8, womwe ndi mtunda woposa wochokera ku dzuwa kufika ku Jupiter. Pamene amaboola bwalolo amakhala ali pa AU pafupifupi 34 mbali ina ndi 41 mbali inayo, konseko kunja kwa njira ya Neptune. Mphambano imene ili m'buku kulibe. Zili ngati msewu wodutsa pa mlatho ndi wina wodutsa pansi pake.

Mlalang'amba

A Nthanda, ndikumva, koma sindinakhutire. A Kadamsana angotiuza kumene kuti malo oboolera a njira ya mwezi amayenda. Ngati ngodya zimenezi sizikhazikika, ndiye kuti mlatho wanuwo ukhoza kutsika pang'onopang'ono mpaka misewu n'kukumana. Zimene mwafotokoza zikutiteteza lero lokha.

Nthanda

Funso lanu ndi lolondola, ndipo likanakhala pulaneti lina mantha anuwo akanakhala ndi maziko. Pa Pluto pali zinthu ziwiri. Ngodya yachisanu ija simazungulira mpaka kumaliza mkombero wonse, koma pa zaka mamiliyoni imangopita uku ndi uku mozungulira madigiri 90, choncho nsonga yoyandikira dzuwa imakhalabe pamwamba. Chachiwiri ndi nthawi. Neptune amamaliza ulendo wake pa zaka pafupifupi 165, Pluto pa zaka 248. Maulendo atatu a Neptune ndi zaka 495, maulendo awiri a Pluto ndi zaka 496. Kulingana kumeneku sikunangochitika mwangozi, chifukwa mphamvu yokoka ya Neptune ndiyo imakusunga. Pluto akayamba kutsogola kapena kutsalira, kukoka kwa Neptune kumasintha njira yake pang'ono mpaka abwerere mu ndondomeko. Zotsatira zake n'zakuti nthawi iliyonse imene Pluto wafika pafupi ndi dzuwa, Neptune amakhala ali kutali mbali ina ya njira yake, ndipo awiriwa sayandikirana kuposa ma AU pafupifupi 17. Choncho mayi Nsangwe sananame pouza mwana kuti safika nthawi imodzi, kungoti chifukwa chake ndi chakuya kuposa mmene anaganizira.

Mphunzitsi Wopuma

Yatsala nambala yachisanu ndi chimodzi. Zisanu zija zikujambula msewu, koma sizikunena pamene woyendayo ali. Njira yosavuta ndi kutchula tsiku limene pulaneti linadutsa pa perihelion, monga Halley amene anadutsapo mu February 1986 ndipo adzabweranso mu 2061. Chovuta n'chakuti liwiro silikhala limodzi. Dziko limathamanga makilomita 30.3 pa sekondi mu January ndi 29.3 mu July. Halley amathamanga makilomita oposa 50 pa sekondi akakhala pafupi ndi dzuwa, koma akafika kutali kuseri kwa njira ya Neptune liwiro lake silikwana kilomita imodzi pa sekondi. Lamulo lachiwiri la Kepler limati mzere wochokera ku dzuwa kufika ku pulaneti umasesa malo ofanana kukula pa nthawi zofanana, n'chifukwa chake mzerewo ukafupika uyenera kuyenda mofulumira.

Pofuna kuthana ndi zimenezi, akatswiri amayerekeza pulaneti longoganizira limene limayenda pa liwiro losasintha n'kumaliza ulendo pa nthawi yofanana ndi lenilenilo. Ngodya ya pulaneti longoganiziralo, yotchedwa mean anomaly, imakula mofanana tsiku lililonse ngati muvi wa wotchi. Kuchoka pa ngodya imeneyo kufika pa malo enieni pamafunika samu ya Kepler, M = E − e sin E. Apa M ndi mean anomaly ija, ndipo E ndi ngodya imene imatifikitsa pa malo enieniwo, koma samu imeneyi ilibe njira yachidule yopezera E. Umayamba ndi kuyerekeza, n'kuona mmene waphonyera, n'kukonza, kubwereza mpaka kuphonyako kuchepe. Ndinkaichita pamanja ndi ophunzira anga pa njira ya Mars, ndipo pobwereza kachitatu kapena kachinayi yankho linkakhazikika.

Nthanda

Aphunzitsi, pamenepa mundilole ndisiyane nanu pang'ono pa kaphunzitsidwe. Ine ndimaona kuti wophunzira ayenera kuuzidwa poyamba chifukwa chake manambalawa ali 6, osati 5 kapena 7. Kuti munene pamene chinthu chili mumlengalenga pafunika manambala atatu, ndipo kuti munene liwiro lake ndi kumene chikulowera pafunika ena atatu. Mukadziwa amenewa pa mphindi imodzi, lamulo la mphamvu yokoka la Newton likupatsani ulendo wonse. Makompyuta amagwiritsa ntchito manambala a mtundu umenewu, ndipo sasokonezeka. Manambala a Kepler, omwe takhala tikukambawa, amafika poti ena amataya tanthauzo. Njira ikakhala yobulungira bwinobwino ilibe nsonga yoyandikira, ndiye ngodya yachisanu muiyeza kufika pati? Setilaiti ya pa makilomita 35,786 pamwamba pa equator, imene imaoneka ngati yaima malo amodzi, siboola bwalo pena paliponse, ndiye ngodya yachinayi nayonso palibe.

Mphunzitsi Wopuma

Zimene mwanena ndi zoona, mwana wanga, ndipo pa ntchito ya makina sindingatsutse. Koma tandipatsani manambala atatu a malo ndi atatu a liwiro, ine sindiona kanthu, ndipo mawa onse 6 adzakhala atasintha. Mukandipatsa a ndi e, ndikuuzani nthawi yomweyo zinthu zambiri. Ndichulukitsa a katatu mwa iye yekha, ndipeze nambala imene ikachulukitsidwa mwa iyo yokha ipereka zomwezo, ndipo ndapeza zaka za ulendo, malinga ndi lamulo lachitatu la mu 1619. Pa Jupiter, 5.2 kuchulukitsa katatu ndi 140.6, ndipo yankho ndi zaka 11.86. Ndikaona e woposa 1 ndidziwa kuti njirayo siitsekeka ndipo chinthucho sichidzabweranso, monga 'Oumuamua wa mu 2017, amene e wake wa pafupifupi 1.2 ndiye anasonyeza kuti wachokera kunja kwa banja la dzuwa. Mwa manambala a Kepler, asanu amakhala pafupifupi osasintha kwa nthawi yaitali ndipo imodzi yokha ndiyo imathamanga. Ubwino wake ndi umenewo.

Koma mfundo yanu ya nambala 6 ili ndi mbiri yokoma. Pa 1 January 1801 Giuseppe Piazzi ku Palermo anaona Ceres, kapulaneti kakang'ono ka pakati pa Mars ndi Jupiter, n'kumutsatira kwa masiku pafupifupi 40 asanasowe m'kuwala kwa dzuwa. Kachidutswa ka njira kamene anaona kanali kakang'ono kwambiri. Woyang'ana kumwamba saona mtunda, amangopeza ngodya ziwiri pa kuyang'ana kulikonse, choncho kuyang'ana katatu kumapereka manambala 6, okwanira ndendende zosadziwika 6. Carl Friedrich Gauss, ali ndi zaka 24, anapeza njira yochotsera manambala a njirayo m'miyezo yochepa chonchi, ndipo mu December chaka chomwecho Franz von Zach anamupezanso Ceres pafupi ndi pamene Gauss analoza.

Kadamsana

Ndiwonjezere chenjezo limodzi kwa amene akawerenge manambalawa. Nthawi zonse yang'anani tsiku limene alembapo, chifukwa manambala a njira amakhala oona pa tsiku lakelo. Nthawi zambiri mupeza J2000, kutanthauza masana a pa 1 January 2000. Pali zifukwa ziwiri. Malo oyambira kuyeza a mu March aja nawonso amasuntha, ndipo amazungulira kamodzi pa zaka pafupifupi 26,000. Komanso mapulaneti amakokana, ndiye njira zimapotoka pang'onopang'ono. Kusamala pa kupotoka kumeneku n'kumene kunaulula vuto la Mercury. Urbain Le Verrier mu 1859 anasonyeza kuti nsonga yoyandikira dzuwa ya njira ya Mercury imayenda mofulumira kuposa mmene kukoka kwa mapulaneti ena kungafotokozere. Chotsalacho ndi masekondi 43 a ngodya pa zaka 100, pamene digiri imodzi ili ndi masekondi 3,600, ndipo chinakhala chosafotokozeka mpaka Einstein anachipeza m'masamu ake mu 1915.

Nsangwe

Ndathokoza nonse kuchokera pansi pa mtima. Mwana wanga akufuna kupanga njira ziwirizi ndi waya kuti akaonetse anzake m'kalasi, ndipo akufuna zikhale pa miyezo yolondola osati zongoyerekeza. Aphunzitsi, mungatipatse miyezo yake?

Mphunzitsi Wopuma

Sentimita imodzi iimire AU imodzi. Dulani katoni yaikulu kuti ikhale bwalo, mubaye mkanda pakati kukhala dzuwa, ndipo mujambulepo njira ya Neptune ngati mkombero wobulungira wa masentimita 30 kuchokera pa mkandawo. Waya wa Pluto mupinde motalika masentimita 79 ndi masentimita 76.5 m'mimba mwake, ndipo mkanda ukhale masentimita 10 kuchoka pakati pa wayayo, kuti nsonga yapafupi ikhale pa masentimita osakwana pang'ono 30 ndipo yakutali ikhale pa 49. Boolani katoniyo pa malo awiri oyang'anana, mkanda uli pa mzere wa pakati pawo, bowo lina pa masentimita 41 ndi lina pa 34, mulowetse wayayo n'kuupendeka madigiri 17. Mukatero muyeze ndi rula. Nsonga yapafupi iyenera kukhala masentimita 8 pamwamba pa katoni, ndipo yakutali masentimita 13 pansi pake. Mwanayo akayang'ane kuchokera pamwamba kuti aone chithunzi cha m'buku chija, kenako agwade, diso lilingane ndi katoni, ayendetse chala chake pa mzere wa Neptune pansi pa waya.